Uchi wa Mayi Nasimango

Pabwalo la ndege la pachilumba panali wofufuza katundu dzina lake Chikwekwe. Malamulo ake ankachokera m'mimba: chilichonse chokoma chinali choletsedwa kukwera ndege.

Tsiku lina Mayi Nasimango anafika ndi botolo la uchi, pa ulendo wokaona amuna awo kunja. Chikwekwe anatsegula botolo, napisa chala n'kunyambita.

"Zamadzimadzi sizikwera, mayi. Ili litsala."

"Litsale, bwana," anatero mayiwo modekha. "Koma mwanyambita? Muli kondaine mmenemo, ndakonzera bambo akunyumba. Wolawa amanditsatira ngati kamwana ka mbuzi."

Chikwekwe anasuzumira pakhonde, pomwe mkazi wake ankagulitsa zitenje kwa alendo.

"Nanga amasukuluka bwanji?" ananong'ona.

"Botolo liwoloke madzi ndi mwini wake, musanameze malovu kambiri."

Chikwekwe analongedza yekha botololo. Mayi Nasimango patsogolo, iye pambuyo, chikwama paphewa, malovu ali tho m'kamwa, mpaka pamakwerero a ndege.

Apo mayiwo anatembenuka, nakweza mawu kuti afike pakhonde paja.

"Mwaona, bwana? Ayamba kale kugwira."