Zipolopolo za Mkamwini

Wendell Sizemore anali munthu wabwino mtima, koma kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pagulu. Akasochera ndi galimoto m'mapiri a Kentucky, ankalolera mafuta athe kusiyana n'kuima kuti munthu amulozere njira.

Maso a apongozi ake, a Orval, atayamba kuchita nkhungu, mkuluyo anamupatsa mfuti yawo yam'manja, ija ya gudumu lolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi, pamodzi ndi chikombole choumbira zipolopolozo.

"Chaka chilichonse patebulo langa pamakhala nyama ya gwape wophedwa ndi mfuti iyi," anatero a Orval. "Chaka chino ndi iwe, mkamwini. Ukasokonezeka, shedi yanga sinditseka."

Wendell ankawakonda kwambiri mkuluyo, ndipo anafunitsitsa kuwadabwitsa. Anadzitsekera m'galaja n'kumasungunula mtovu, kuyeza onga ndi kusomeka zipolopolo m'zigoba zamkuwa. Mkazi wake, Darlene, anasuzumira pakhomo.

"Bwanji osangopita kwa adadi akakuonetseni? Ndi apa pomwepa."

"Chovuta n'chiyani pamenepa? Nyumba ino ndinamanga ndekha ine."

"Eya, n'chifukwa chake chitseko chakubafa timatseka ndi bondo."

Chimene Wendell sankadziwa n'chakuti mlomo wa chigoba amaufinya kuti ulume chipolopolo. Poyesa mfutiyo ankaikamo chipolopolo chimodzi chokha nthawi iliyonse, ati kuopa kuwononga, choncho vutolo linangogona phee.

Gwape anadzaoneka m'mawa wa tsiku lotsiriza la nyengo yosaka, tonde wanyanga zanthambi. Wendell, yemwe ulendo uno anali atadzaza gudumu lonse, anawomba, koma chipolopolo chinangosenda khungwa la mtengo. Gwapeyo anaima chilili, osadziwa kothawira. Mwayi wotere subwera kawiri. Wendell anakoka kuti awombenso, koma gudumu linakaniratu kuzungulira. Kugwedezeka kwa mfuti kunali kutasolola zipolopolo zotsalazo m'zigoba mwake, mitu yake ili tulutulu ngati ya afulu. Gwape anamuyang'ana, n'kulowa m'tchire mosathamanga n'komwe.

Masana anafika kwa apongozi manyazi ali tho, njala ili m'khosi. Patebulo lakukhitchini panali mbale ya timagawo tachikasu, tonunkhira uchi. Anatola kamodzi n'kuluma. Mano anamatana.

Darlene, yemwe anali atafikako kale, anaseka mpaka kugwira khoma. "Adadi, bwerani mudzaone! Mlenje wanu wayamba kudya zida."

A Orval anatulukira akupapasa chitseko. "Ndi phula lopaka zipolopolo limenelo, mwanawe. Ndinasakaniza ndi mafuta ankhosa n'kukudulira iweyo kalekale." Analandira mfuti ija, nayendetsa chala chachikulu kutsogolo kwa gudumu. "Sunafinye mlomo."

"Gwape wandithawa, bambo," anatero Wendell. "Chaka chino tebulo lanu likhala lopanda kanthu chifukwa cha ine."

Mkuluyo anamugwira pamkono n'kupita naye kushedi. Pafupi ndi benchi yogwirira ntchito panali mipando iwiri, wina wakale wong'ambika, wina watsopano koma utachita fumbi.

"Uwu ndinagula tsiku lomwe ndinakupatsa mfuti lija," anatero a Orval. "Nyama ndi nyama, tidya nkhuku. Maso anga anapita, koma zala izi zikadadziwa zonse, ndipo palibe woti ndimusiyire. Ine sindimadikira gwape ayi."

Wendell anamva chisoni chimene gwape uja sanamumvetse. Anapukuta fumbi ndi chipewa chake, nakhala pansi, lilime likuchotsabe phula m'mano.

"Bambo, amafinya bwanji?"

Nkhope ya mkuluyo inawala, ndipo anakoka mpando wawo kuyandikira wa mkamwini. Mawu atatu okhawo akanawanena msanga, bwenzi gwape ali patebulo ndipo mpando sukanachita fumbi. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.