Malata a Nangozo

Kalekale, msewu wa ku boma uwu usanathiridwe phula, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Gidiyoni Msakambewa, malume awo a mayi anga. Senderani kuno, ana inu, dzina limeneli mulisunge.

A Gidiyoni anakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Halale, akugwira ntchito m'galaja. Pobwera sanabwere ndi njinga ngati anzawo, ayi. Anabwera ndi galimoto, pikapu yobiriwira, yakale ndithu, yotsokomola pachitunda, koma yoyenda. Dera lonse lino kunalibe ina. Tsiku la msika ankanyamula anthu kupita nawo ku boma: amayi ndi madengu a tomato, abambo ndi mbuzi zomanga miyendo, odwala opita kuchipatala.

M'chilimwe zinkayenda bwino. Nanga dzinja? Kumbuyo kwa galimotoyo kunali pamtetete. Mvula ikagwa, ufa unkasanduka phala, mchere unkasungunukira m'thumba. Tsiku lina mayi wina wochokera kuchipatala ndi khanda la masiku atatu anatsika panjira, nakaima pansi pa mtengo.

"Pitani, bambo," anatero mayiyo. "Ndibwera wapansi mvula ikakata."

Mawu amenewo anawalasa a Gidiyoni. Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Chimene ankafuna chinali chabwino, ana inu, chinali chabwino.

Anapita kutsidya kwa Lufeyo, mmisiri wa matabwa, nati, "Achimwene, galimoto ija tiyikhomere denga kumbuyo."

Anakhala pansi, najambula ndi kamtengo padothi. Mizati isanu ndi umodzi ya mlombwa, yomanga ndi mabawuti m'mbalimu. Mitanda ya pamwamba yokhota ngati uta, kuti madzi azitsetsereka. M'mbali ziguduli zopaka phula, zoti dzuwa likawala nkuzipinda.

"Zonsezi nditha," anatero Lufeyo. "Nanga pamwamba tifolera chiyani? Udzu uuluka musanafike pamlatho."

Chaka chimenecho malata anasowa kusitolo ya ku boma. Ukafunsa, ankati mwezi wamawa. Ukapitanso, mwezi wamawa. Ndipo m'mudzi monse muno nyumba yamalata inali imodzi yokha. Ya yani? Ya a Gidiyoni omwewo. Koma malatawo sanali awo.

Anali a akazi awo, a Nangozo. Zaka zonse zimene amuna anali ku Halale, mayi ameneyu ankalima mtedza yekha. Akakolola ankagula lata limodzi, chaka china awiri, nawasenza pamutu kuchokera ku boma mpaka kuno. Pamutu, ana inu, ulendo wa tsiku lathunthu, mphepo ikuwakankha uku ndi uku. Lata lililonse ankalidziwa chaka chake.

"A Nangozo," anatero a Gidiyoni, "ndipatseniko malata anayi a kuchipinda. Atsopano akafika ndidzakhomanso."

"Bambo a Esinati, malata amenewo anandimeta tsitsi pamutu pano. Dikirani a kusitolo."

"Mvula siyidikira sitolo. Anthu akunyowa."

"Ndamva, koma ndakana."

Anakana kamodzi kokha. Sanali munthu wobwereza mawu.

Patapita masabata awiri, kwawo kwa a Nangozo kunagwa maliro. Anabereka mwana wawo Esinati kumbuyo nanyamuka. Fumbi la mapazi awo lisanakhazikike, a Gidiyoni anali kale padenga ndi hamala, akuzula misomali.

Lufeyo ataona malatawo anagwira pakamwa. "Kodi eni ake avomera?"

"Nyumba ndi yanga. Gwirani uko."

"Achimwene, tikawadula ndi kuwakhotetsa, padenga la nyumba sadzabwererapo."

"Dulani."

Anadula. Anawagoneka pa chipika chachikulu, nawapinda pang'onopang'ono mpaka anakhota bwino. Mabowo a misomali yakale anawamata ndi phula. Anakhoma, napaka penti yobiriwira yofanana ndi galimoto. Ha! Denga lija linakongola, ndisakunamizeni. Anthu anachoka midzi yakutali kudzangoona. Pamene panachoka malata paja, a Gidiyoni anaponyapo udzu mothamanga.

A Nangozo atabwera anaima pabwalo, mtolo uli pamutu. Anayang'ana nyumba. Anayang'ana galimoto. Anayang'ananso nyumba. Mukuganiza kuti anakuwa? Mukuganiza kuti anatukwana? Ayi. Anatula mtolo, natenga tsache nayamba kusesa misomali yopindika imene inali mbwee pakhomo, kuti ingalase mwana.

A Gidiyoni anati mumtima, zatha bwino. Sanadziwe kuti kukhala chete kumene kuja ndiko kunali koopsa.

Dzinja linafika. M'galimoto anthu ankakhala ouma, akuimba nyimbo, akutamanda a Gidiyoni. Kunyumba madzi ankalowa pamene udzu unakumana ndi malata, nkumayenderera m'khoma. Mbewu ya mtedza inachita nkhungu. A Nangozo anasamutsira mphasa kukhitchini, Esinati akutsokomola ndi utsi. Amuna awo akabwera madzulo ankati, "Pirirani pang'ono, mwezi wamawa."

Malata anafikadi kusitolo. Koma mwezi umenewo kunatha matayala. Mwezi wotsatira injini inafuna zake. Dzinja linatha, chilimwe chinatha, mitambo inayambanso kuda.

M'mawa wina, mvula yoyamba ikuwaza, a Nangozo anatuluka ndi mtolo ndi mwana.

"Ndiperekezeni kwathu."

A Gidiyoni anayesa kuseka, koma ataona nkhope ya akazi awo kuseka kunawathera. Anatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Ayi," anatero a Nangozo. "Ndikhala kumbuyo. Mvula ino indipeze pansi pa malata anga."

Amene anakwera nawo tsiku limenelo ankasimba kuti ulendo wonse mayi uja maso anali m'mwamba, akumvetsera mvula ikugogoda.

Ankhoswe anakumana kawiri, koma a Nangozo sanasunthike. Apo mpamene a Gidiyoni anadzidzimuka. Anaimika maulendo a msika, nakagula malata asanu ndi atatu, atsopano, onyezimira. Anawapititsa kwawo kwa a Nangozo, kumene anawapeza akukhala m'kanyumba kaudzu. Sanatume mmisiri. Anakwera okha, nasasula udzu, nakhoma masiku atatu padzuwa, manja mpaka matuza. Chakudya ankawabweretsera ndi alamu awo.

Atakhoma msomali womaliza anatsika, nakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja.

"A Nangozo, ndinatenga anayi, ndabweretsa asanu ndi atatu. Tiyeni tibwerere kwathu."

A Nangozo anagwada mwaulemu, monga achitira munthu kwa mlendo.

"Malata ndalandira, bambo a Esinati, zikomo. Mwakhoma bwino. Koma ine sindinachokere kudontha kwa nyumba. Munandifunsa, ndinakana, inu munadikira kuti ndipite kumaliro. Chimenecho mubweza ndi chiyani?"

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani? A Nangozo anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo.

"Muyende bwino. Mwana muzidzamuona."

A Gidiyoni anabwerera okha. Galimoto ija inagwirabe ntchito zaka zambiri, inapulumutsa odwala, inanyamula akwati osanyowa. Anthu akayamikira denga lija, a Gidiyoni ankangoyang'ana kumbali. Sanakwatirenso. Ine ndinawaona atakalamba, maso atachita khungu. Mnyamata wa pabanja pathu akafuna kukwatira, ankamuitana, namugwira dzanja mwamphamvu, nati, "Mphwanga, mkazi wako akakukaniza, ukhale pansi. Ine ndinaimirira."

Nchifukwa chake kwathu kuno, kufikira lero, chinthu cha munthu sitichigwira mwini wake atachoka, chingakhale chikho, ingakhale nkhuku. Ukapempha nakukaniza, umapemphanso mawa, maso ndi maso. Akakanabe, umazisiya, ngakhale cholinga chako chikhale chabwino chotani. A Gidiyoni anafunditsa dera lonse lino, ana inu, koma anamwalira m'nyumba mopanda wowafunditsa.