Kompyuta ya Fatsani ndi Mawu a Malemu

Nkhani iyi ndinaimva kwa mayi Nasibeko, amene tinkayala nawo mphasa moyandikana m'shedi ya odikirira odwala kuchipatala, chaka chimene amuna anga anathyoka mwendo. Tsiku lina masana tikuchapa zofunda pampope, anatifotokozera ife amayi asanu amene tinali pamenepo. Ndayesetsa kuilemba monga momwe anainenera, osathira mchere wanga. Pamene ndaphonya, Mulungu andikhululukire, ndipo amene anafa m'nkhaniyi awachitire chifundo.

Anayamba motere.

Kalekale, koma osati kale la makolo, pakuti magetsi anali atafika ndipo anali atayamba kale kuthimathima, m'tauni ina ya m'tsinde mwa phiri munkakhala ana atatu a bere limodzi, m'nyumba imene makolo awo anawasiyira. Woyamba anali Lonjezo, wowotcherera zitsulo. Wachiwiri anali Fatsani, amene ankakonza mafoni pakhonde la sitolo, ndipo mtima wake wonse unali pa magemu a mpira. Wotsiriza anali mlongo wawo Tiyanjane, wa mawu okoma, amene ankapeka nyimbo zake koma analibe pozijambulira.

Fatsani ndi Tiyanjane anapangana zomanga kompyuta imodzi yoti izigwira ntchito ziwiri: iye azisewererapo magemu, mlongo wakeyo azijambulirapo nyimbo. Yogula yathunthu sakanaikwanitsa, choncho Fatsani ankabweretsa chiwalo chimodzichimodzi. Mwezi uno bolodi lalikulu, mwezi wina khadi loyendetsa zithunzi, kenaka fani, kenaka masipika awiri akale a m'basi. Tiyanjane anamata mathireyi a mazira m'zipupa za chipinda kuti mawu asamabwerere. Lonjezo, amene sankamvetsa chilichonse cha zimenezi, anawawotcherera bokosi la zitsulo zotsala, lolemera kwambiri moti ankalinyamula anthu awiri. Ankati wakuba akadzalitenga adzam'peza m'mawa ali pakhomo pomwepo, msana utathyoka.

Patatha chaka, chinatsala chiwalo chimodzi chokha, disiki yosungiramo zinthu. Lonjezo ndi amene anaipeza. Kumsika wa zitsulo zakale kunali munthu amene anaitulutsa m'jumbo, ndipo Lonjezo anaigula osafunsa kumene yachokera. Fatsani anasangalala, koma anachenjeza kuti disiki yapamsika suyamba waigwiritsa ntchito usanafufute za mwini wake wakale, chifukwa sudziwa chimene chili m'kati.

M'tauni yomweyo munali chilonda chimene chinali chisanapole. Miyezi itatu m'mbuyomo, bambo Mkwapatira, mphunzitsi wa kwaya amene ankajambula nyimbo za makwaya m'nyumba mwawo, anapezeka atafa dzuwa lili paliwombo, mutu utang'ambidwa, kompyuta yawo palibe. Akazi awo, mayi Nankhoma, anawapeza pobwera kumsika. Palibe amene anagwidwa. Anthu ankangodandaula m'mitima, mkwiyo ukusowa pogwera.

Loweruka lina magetsi anayaka masana, atakhala osayaka masiku awiri. Fatsani analumikiza disiki ija, n'kudina batani. Fani inazungulira, sikirini inawala, ndipo iye ndi Tiyanjane anagwirana manja ngati ana. Mausi yolozera pasikirini yokha ndi imene inkavuta, choncho Fatsani anathamangira kusitolo kukatenga ina, atauza mlongo wake kuti asakhudze kanthu mpaka iye atabwera kudzafufuta.

Tiyanjane anali atadikira chaka chathunthu kuti amve masipika aja akulira. Anaona kuti m'disikimo muli nyimbo zambirimbiri, n'kuganiza kuti imodzi yokha siingalakwe. Anakweza mawu mpaka pamapeto, n'kutsegula. Munatuluka mawu a besi, okhuthala, akuwerenga kuti, "Imodzi, ziwiri, tiyeni," kenaka nyimbo ya maliro imene tauni yonse inkaidziwa mwini wake.

Nthawi yomweyo mayi Nankhoma ankadutsa pamsewu, ndowa ya madzi ili pamutu. Ndowa inagwa. Anagwira mpanda n'kuyamba kulira mokweza kuti amenewo ndi amuna awo, ndipo amene anawapha ali m'nyumba imeneyo.

Anthu sanachedwe. Anatuluka m'masitolo, m'mabala, pampope, ena atanyamula njerwa, ena zikwanje. Fatsani anakumana nawo akubwerera, mausi ili m'manja. Aliyense ankadziwa kuti wa makompyuta panyumbapo ndi iyeyo, choncho palibe anam'funsa kanthu. Njerwa yoyamba inam'peza pakhutu. Anam'gwetsa, anam'ponda m'nthiti, anam'kokera pakati pa msewu atam'gwira miyendo, mutu ukugunda miyala. Wina anagubuduza tayala n'kum'veka m'khosi. Mnyamata wina wa kabaza dzina lake Jekapu, amene ankaimba tenala m'kwaya ya malemu, anapopa petulo m'njinga yake yamoto n'kubwera naye m'botolo. Iyeyu ndi amene ankakuwa kuposa onse, ndipo ankalimbikira kuti makinawo awatulutse awotchere limodzi ndi mwini wake.

Lonjezo anamva phokosolo ali kuntchito kwake. Anafika akuthamanga, magalasi akuda owotcherera akadali pachipumi. Anang'amba gululo ndi mapewa, n'kudzigwetsa pamwamba pa mng'ono wake, kum'phimba thupi lonse. "Disikiyo ndinagula ndine," anatero. "Yambani ndi ine." Anam'menya ndi mitengo pamsana, sanasunthe. Anam'koka malaya mpaka anang'ambika, sanasunthe. Wina anatsitsa chikwanje cholunjika pamutu pa Fatsani, Lonjezo n'kutchinga ndi dzanja lamanja. Zala zitatu zinagwera m'fumbi. Jekapu anawathira petulo onse awiri, koma amene anagwira machesi anazengereza, chifukwa kuwotcha anthu awiri, wina akukuyang'ana m'maso n'kumakutchula dzina, si ntchito yopepuka.

Mayi Nankhoma anaona magaziwo akuyenderera pamsewu, ofanana ndi amene iwo anakolopa okha m'nyumba mwawo, ndipo kulira kunawathera. Anakumbukira chizolowezi cha amuna awo. Bambo Mkwapatira akayamba kujambula sankazimitsa makina pakati, kaya kwabwera mlendo, kaya apita kukamwa madzi, chifukwa ankati nyimbo yabwino imabwera munthu usanakonzeke. Tsiku limene anaphedwa, akazi awo anawasiya akujambula. Mayiwo anayenda mpaka pakati pa gululo, n'kuima mapazi ali m'petulo. Alamu awo anawauza kuti achoke, asanyozetse maliro a mbale wawo. Iwo anakana. "Mukayatsa, muyatsa ndi ine ndemwe," anatero. "Ngati mwana uyu ndi amene analowa m'nyumba mwanga, mawu ake alimo m'makinamo. Timve kaye."

Tiyanjane anali atadzitsekera m'chipinda cha makina, atatsamiritsa bedi kuchitseko. Miyala inkalowera pazenera, ndipo umodzi unam'ng'amba pamwamba pa diso. Amuna awiri amene Jekapu anawatuma ankadula chitseko ndi nkhwangwa. Kuseri kunali zenera lina loti akanatha kuthawirapo, ndipo anali ataponda kale mwendo umodzi pamenepo pomwe anamva mawu a mayi Nankhoma. Anabwerera. M'disikimo munali zojambula mazanamazana, mausi ikuvuta, magazi akum'tseka diso. Anazisanja potsata masiku, monga ankachitira ndi zithunzi za m'foni, n'kupeza yotsiriza, yopanda dzina, yaitali kuposa zonse. Anaikokera chakumapeto, ananyamula sipika n'kuiika pazenera losweka lija, nkhwangwa itatulukira kale m'kati mwa chitseko.

Msewu wonse unamva bambo Mkwapatira akuimba okha. Kenaka kunamveka kugogoda, nyimbo n'kuima.

"Lowa, Jekapu, n'kosakhoma. Wachedwatu iwe, tenala yako yokha ndi imene yatsala."

Kunamveka mapazi, mpando ukugwa, ndi mawu omwewo, koma tsopano aang'ono. "Jekapu, mwana wanga, ukutani?" Zimene zinamveka pambuyo pake, anthu ena anatseka makutu.

Jekapu anataya botolo n'kuthawa. Anam'gwirira pangalande ya kumunsi kwa msika. Tayala lomwe lija analivula m'khosi mwa Fatsani n'kum'veka Jekapu, ndipo petulo amene anatsala m'botolo anali wokwanira. Galimoto ya apolisi inafika utsi utayamba kale kuchepa.

Atafika pamenepa, mayi Nasibeko anasiya kuchapa. Mmodzi wa ife anawafunsa ngati anaona ndi maso awo. Anayankha kuti analipo kuyambira pa njerwa yoyamba, ndipo sanaletse aliyense, ngakhale poyamba ngakhale pomaliza. Ine ndinawerama n'kupemphera chamumtima, kupempherera iwo, ndi Jekapu yemwe, amene anapita osapatsidwa mpata wolapa. Kenaka anapitiriza.

Fatsani anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo anatuluka khutu limodzi litagontha. Disiki ija apolisi anaitenga, ndipo atamaliza nayo anaipereka kwa mayi Nankhoma. Pamenepo panalibe mkangano, inali yawo. Fatsani anapeza ina yatsopano, anaiika m'bokosi muja, anayesa zonse n'kuona kuti zikuyenda. Koma fani itangoyamba kuzungulira, anamva fungo la petulo m'mphuno, n'kuthamangira panja kukasanza. Anayesanso kawiri, chimodzimodzi. Choncho anaitana Lonjezo, Tiyanjane ndi mayi Nankhoma n'kuwauza kuti iye sadzakhalanso patsogolo pa makina amenewo, ndipo akufuna kuwapereka kwa amene anapulumutsa moyo wake.

Mnansi wina amene anaitanidwa kudzakhala mboni anati angogawana ziwalo. Fatsani anakana. Anati khadi palokha silionetsa chithunzi, bolodi palokha siliimba, ukazilekanitsa watsala ndi zitsulo za kumsika. Kubwerekana nakonso sikukanatheka, chifukwa aliyense ankawafunira malo ake ndi ntchito yake, ndipo kuchokera tsiku lija atatuwo ankangopatsana moni wapakamwa.

Lonjezo anaika dzanja lake patebulo, lokhala ndi chala chachikulu ndi chaching'ono basi. Anati ndi dzanja limenelo sangagwirenso chowotcherera. Makinawo akanawaika m'kanyumba kumsika kuti anthu azisewera mpira, iye n'kumapezerapo chakudya cha banja lonse. "Chikwanje chija chikanafika kumene chinkapita," anatero, "nyimbo zanuzo mukanaimbira mtembo." Tiyanjane anayankha ali chozolika kuti achimwene asaiwale amene anabweretsa disiki ya munthu wakufa m'nyumba osafunsa.

Mayi Nankhoma anati iwo sanali m'bale wa Fatsani, analibe chowakakamiza. Anaima m'petulo chifukwa cha mwana wa eni, ndipo mpaka lero alamu awo sawalankhula. Popanda iwo, palibe akanadziwa kuti umboni uli m'makinamo. Kompyuta ya amuna awo inagulitsidwa chiwalochiwalo ndipo sinapezekenso, kwaya ilibe pojambulira, ndipo m'disiki muja muli nyimbo khumi ndi ziwiri zimene malemu sanazimalize. Lonjezo anawafunsa mwaulemu kuti, "Nanga mayi, amene anaitana anthu aja kuti m'nyumba muno muli wakupha anali ndani?"

Tiyanjane anati zenera lothawira linali lotsegula koma sanathawe. Dzanja la achimwene ake linangochedwetsa machesi, mawu a mayi Nankhoma anangopempha mpata, ndipo mpatawo ukanatha iye akanapanda kupeza chojambula chija nkhwangwa isanalowe. Anatinso makinawo kuyambira pachiyambi anamangidwira mawu ake, ndipo nyimbo zake zikadali m'kope, palibe ndi imodzi yomwe imene yajambulidwa. Mayi Nankhoma anamuyang'ana n'kunena kuti mwana amene anauzidwa kuti asakhudze kanthu akanamvera, bwenzi zala zija zikadali padzanja.

Fatsani anawamvetsera onse ndi khutu lake limodzilo. Anayang'ana dzanja la mkulu wake, anayang'ana chipsera cha mlongo wake, anayang'ana duku lakuda la mayi wamasiyeyo. Anatenga chitenje n'kuphimba makinawo. Pamene ine Nasibeko ndinkasamuka m'tauni imeneyo, anali akadali ophimbidwa.

Mayi Nasibeko anafinya bulangete limene ankachapa, analiponya m'beseni, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Mawu awo otsiriza anali awa:

"Aliyense mwa atatuwa anathandiza kuyatsa motowo, ndipo aliyense anathandiza kuuzimitsa. Wina anapereka zala, wina anapereka abale ake, wina anakana kuthawa. Inu amayi anzanga, mukanakhala Fatsani, chitenjecho mukanavundukulira ndani?"