Ndowa Imene Anamana Mng'ono Wake

Panali munthu wina amene ankaweta tizilombo tosaoneka ndi maso. Musaseke, inu kumbuyoko! Tizilomboto anatitunga m'madzi owawasa a mumgodi wakale, mgodiwo usanakwiriridwe. Madziwo ankawathira pamulu wa miyala ya mkuwa imene ena anataya. Tizilomboto tinkadya miyalayo pang'onopang'ono, madzi n'kutsikira m'damu ali obiriwira. Iye ankaponyamo zitsulo zakutha, mkuwa n'kumatirira pazitsulopo, iye n'kumaupala, n'kukagulitsa. Ana ake ankadyera pomwepo.

Tsiku lina mng'ono wake anafika ndi ndowa.

"Achimwene, ndipatseniko madziwa pang'ono, nanenso ndikayambe kwanga kutsidya."

"Ukayamba iwe, ogula adzabwera kwa yani? Bwerera nayo ndowa yakoyo."

Mng'onoyo anabwerera, ndowa yopanda kanthu ikumugunda m'mwendo. Ine umbombo wotere umandinyansa, abale.

Dzinja linafika ndi ukali. Mvula inagwa osapumira, damu linadzaza, khoma lake linayamba kung'aluka. Kumunsi kwake kunali chitsime chimene mudzi wonse unkamwa, ndi ana ake omwe. Madzi owawasa aja akalowamo, ndiye kuti maliro. Chothetsa ukali wa madziwo ndi laimu basi, koma laimu amapha tizilombo tija.

Munthu uja anaima pakhomapo, matumba a laimu ali kumapazi. Mng'alu ukukulirakulira, madzi ayamba kale kudontha. Mkazi wake anakuwa ali kumunsi:

"Bambo a Tiyanjane, thirani! Mukudikira chiyani?"

Anang'amba matumba aja nathira onse, m'damu ndi pamulu pomwe. Madzi anayera mbuu. Chitsime chinapulumuka. Apo anachita bwino, sinditsutsa.

Mvula itakata, anathiranso madzi pamulu paja. Zii. Anadikira, zitsulo zinangochita dzimbiri. Mgodi uja unali utakwiriridwa kalekale. Anatenga ndowa, nawoloka kutsidya, mutu uli pansi.

"Mng'ono wanga, kodi sunasungeko ngakhale kadontho?"

"Achimwene, ndikanasunga chiyani? Ndowa ija ndi iyo, timatungira madzi akumwa."

Tsono iwe, amene uli ndi luso kapena mbewu yabwino koma ukubisira m'bale wako, ukuyesa ukusunga eti? Ya m'nkhokwe imodzi imapsa tsiku limodzi. Akulu anati kupatsa n'kuika. Mudzazire ndowa mnzakoyo lero, kuti tsiku lako lothira laimu likadzafika, udzakhale nako kopita.