Thadzi la Nachisale ndi Mphamba wa Nkhono

Kalekale, makolo athu asanadziwe kulima mpunga, ankakhala kumapiri a kumadzulo, mpaka chilala chinawasamutsa. Wowatsogolera anali Chimtengo, mwana wa Mkanthama, pamodzi ndi mlongo wake Nachisale, amene anabala Nankhoma, tsinde la mbumba yathu yonseyi. Chuma chawo chinali nkhuku za m'madengu basi.

Pamene ankafika padambo la Chanzi, Nankhoma anali ndi pakati, masiku atayandikira, miyendo itatupa moti sakanathanso kuyenda. Madzi analipo, nsombanso zinalipo, koma pamwamba pa bango pankauluka mbalame zonga mphamba, za milomo yokhota ngati mbedza.

"Mlongo wanga, pano anapiye sangakule," anatero Chimtengo. "Mawa tinyamuke."

"Nanga mbumba yanuyi, achimwene, muibereka kumsana ndinu?" anayankha Nachisale akuloza Nankhoma.

Komatu Nachisale anali ataona kanthu potola nkhuni. Pansi pa mtengo wouma pomwe mbalamezo zinkatera panali mulu wa zigoba za nkhono, osaoneka nthenga ngakhale imodzi. Kutacha, mayiyo anatenga thadzi lake, lomwe linali limodzi lokhalo, nkulimangirira pamtengopo ndi anapiye ake.

"Mphamba akatola mwanapiye mmodzi, woyamba kusenza katundu ndikhala ine," anatero Nachisale.

Anthu anakhala chapatali kuonerera. Imodzi mwa mbalame zija inabwera itafumbata nkhono kuphazi, thadzi nkulira, anapiye nkuthawira m'mapiko. Iyo sinayang'ane nkomwe. Inakolowola nkhonoyo ndi mlomo, nkutaya chigoba, nkubwerera kumadzi. Inachita choncho tsiku lonse, mpaka anapiye anayamba kujompha zotsala m'zigobamo. Dzuwa litapendeka, inauluka pamwamba pa anthu ndi kugwetsa chigoba choyera pamiyendo pa Nankhoma.

Chimtengo anapita kukaona anapiye, nawapeza ali onse, timimba tili tiwi. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mphamba wanji wosadziwa kukoma kwa nkhuku? Tulani akatundu, anthuni!"

Mwana anabadwira pomwepo, anamutcha Kagoba, ndipo mankhwala ake oyamba anamwera m'chigoba chija. Kagoba anabala Msiyadungu, amene anayamba kubzala mpunga m'damboli.

Mtengo uja unagwa, koma mulu wa zigoba ulipobe, pamwamba pake panamera mkuyu. Mbalameyo timaitcha kadyankhono, ndipo mwana wa kwathu sailozetsa legeni. Ikamauluka pamudzi, nkhuku za ku Chanzi sizitukula mutu, zimangopitiriza kupalasa.