Maselo a Bai Kolyo

M'labotale ya Profesa Balabanov, m'nyumba yakale ya zofufuza mumzinda wa Plovdiv, munthu akafika m'mawa ankayamba wapereka moni kwa Bai Kolyo asanavule n'chikhoti chomwe. Bai Kolyoyo anamwalira kalekale. Anali mkulu wina, bambo wa m'migodi ya kumapiri, amene madokotala anamuchotsa chotupa cha khansa m'chiwindi profesayo akadali mnyamata. Maselo a chotupacho ndiwo anatsala. Ankawasunga m'timabotolo m'kabati yotenthera, n'kumawadyetsa timadzi tofiirira, iwo n'kumangoswana chaka ndi chaka. Aliyense amene anapezapo digiri m'chipindamo anaipezera pamsana pa mkuluyu, ndipo pa tsiku la chisangalalo ankamuthirira kakapu kake ka kachasu wa rakiya pawindo.

Mwa ophunzira onse, amene ankamusamala bwino Bai Kolyo anali Velina Karadzhova. Mtsikanayu anali ndi manja abwino, ndipo ankadziwa kuti ali nawo. Kafukufuku wa digiri yake ya udokotala anali wofuna kuona ngati mankhwala otengedwa ku chitsamba china cha kumapiri angaphe maselo a khansa ya m'chiwindi. Ali m'chaka chachiwiri, bungwe lothandiza ofufuza ongoyamba kumene linamusankha kuti akaphunzire miyezi isanu ndi umodzi kulabotale ina yaikulu kunja kwa dziko, mumzinda wa Ghent. Mwayi wotere ena amaupempherera mpaka mawondo kuchita zikang'a.

"Akakuphunzitsa chiyani kumeneko chimene ine sindichidziwa?" anafunsa Profesa Balabanov akutakasa khofi. "Kutsuka mabotolo m'chilankhulo china? Pita, mwana wanga, sindikukuletsa ayi. Koma Bai Kolyo sadziwa tchuthi."

Profesayo sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti dziko limathera pakhomo la labotale yake, ndipo matenda amenewa amapatsirana. Velina anakana mwayiwo tsiku lomwelo.

Rumen, mnzake amene anayamba naye limodzi ndipo ankafufuza za magazi, atamva anagwira pakamwa.

"Iwe Velina, mutu wako ukugwira? Anthu akukuitana, iwe ukuti wakhuta?"

"Ndikataye theka la chaka ndikumwetulira anthu osawadziwa? Zotsatira zanga zayamba kuoneka. Ngati miyendo ikukuyabwa pita iweyo."

"Ukaone mmene anzathu amachitira, basi. Ukabwerako."

"Ndimaona mmene amachitira a Profesa. Zikundikwanira."

Velina anatemetsa nkhwangwa pamwala. Malowo anapatsidwa kwa Rumen, yemwe anapita, anakakondedwa, n'kukhaliratu komweko. Velina akamutchula ankati "woyendayenda uja", anzake n'kumaseka. Chaka chotsatira bungwe lija linamuitananso, iye sanayankhe n'komwe.

Zaka zinapita. Khirisimasi ankaidyera m'labotale, ukwati wa msuweni wake anangoonekerako n'kubwerera chifukwa Bai Kolyo anali ndi njala. Ndipo kunena zoona, ntchito inkaoneka. Akathira mankhwala aja maselo ankafota, akabwereza ankafotanso. Pofika chaka chachisanu buku lake linali litatha, lonenepa bwino, ndipo komiti inapereka tsiku loti adzaliteteze pamaso pa akadaulo, Pasaka ikangodutsa. Mmodzi yekha mwa oyesawo ndiye anapempha kuti pakhale umboni wina woonjezera, wofunika makina amene ku Plovdiv kunalibe. Velina anadzichepetsa n'kuimbira foni woyendayenda uja. Rumen sanakumbe zakale. Anangoti atumize maselowo, ndipo kabotolo ka Bai Kolyo kanakwera ndege koyamba, kali m'bokosi lozizira.

Lachinayi la sabata ya Pasaka labotale yonse inasonkhana patebulo la m'khonde. Velina anabweretsa banitsa, chitumbuwa cha tchizi chophika mayi ake, ndi bokosi la chokoleti, monga amachitira munthu amene zamuyendera. Profesa anali ataimirira, kapu ili m'manja, pamene Rumen anatulukira pamasitepe, chikwama cha paulendo chili kumsana.

"Taonani mlendo!" anafuula profesayo. "Bwera, mnyamata, udzadye zakwanu. Kumeneko akukudyetsa mbatata zokhazokha, waonda."

Rumen anapereka moni, koma nkhope yake inali ya munthu wobwera kudzanena maliro.

"Velina, tiye panja pang'ono."

"Panja pokatani? Nena pompano, onsewa ndi abale. Makina anu aja akuti bwanji?"

"Sitinafike pamakinapo."

"Mwezi wathunthu? Ndiye mumatani kumeneko, kudya chokoleti?"

"Kumene ndiliko kuli lamulo," anatero Rumen pang'onopang'ono. "Maselo alionse ochokera kunja salowa m'kabati asanayezedwe kuti ndi a ndani. Amayeza ngati mmene amayezera mwana amene bambo akumukana. Tinayeza. Sindinakhulupirire, ndiye tinabwereza." Anatula chikwama pansi. "Maselo ajawa si a m'chiwindi. Si a mwamuna n'komwe. Ndi a khansa ya khomo la chiberekero. Bai Kolyo ndi mzimayi."

Wina anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, koma anaseka yekha. Velina anaika pansi mpeni wodulira banitsa.

"Bodza!" anabangula Profesa Balabanov, nkhope itafiira. "Ndinawatenga ndi manja angawa! Iwe usanabadwe! Ndimawadziwa ndi maso ngati ana anga!"

"Ndi maso saoneka, a Profesa. Pepani. Maselo a mtundu umenewu ankayendayenda m'malabotale ambiri kale. Dontho limodzi likagwera m'botolo la ena amamera ngati namsongole, eni munda n'kufa. Mwina wina anangosokoneza kachubu tsiku lina, zaka makumi atatu zapitazo."

"Ndiye kuti," anatero Velina ndi mawu osamveka ngati ake, "buku langa lonse likunena za chiwindi."

"Eya."

"Ndipo chiwindicho mulibemo."

Rumen anagwedeza mutu movomera.

"Unadziwa liti kuti pali kuyeza kotere?" Apa Velina mawu anali atakwera. "Iwe Rumen, zaka zonsezi unangokhala chete?"

"Ine ndimagwira za magazi, ndinkaganiza kuti munayeza kale. Ndani sayeza masiku ano?" Anapukuta kumaso. "Amaphunzitsa sabata yoyamba ya maphunziro aja. Aliyense wogwira ntchito ndi maselo amauzidwa kuti abweretse ake, amayeza onse pamodzi. Ukanapita iweyo ukanawanyamula."

Mawu amenewa ndiwo anamulasa Velina. Anakhala pansi pamasitepe, osalira, akungoyang'ana khoma. Zinali zomvetsa chisoni kumuona, ngakhale kwa aja amene ankadana ndi matama ake.

Profesa sanagonje msanga. Anatsika yekha kuchipinda chapansi, anatulutsa timabotolo takale kwambiri m'thanki yoziziritsira, tina tolembedwa ndi dzanja lake ali mnyamata, n'kutitumiza kulabotale ina ku Sofia kuti akamutsukire dzina. Yankho linabwera lomwelo. Botolo lililonse linali la mzimayi yemwe uja. Bai Kolyo weniweni anali atafa kachiwiri Velina asanayambe n'sukulu yomwe, ndipo anthu ophunzira bwino anakhala akupereka moni kwa mlendo m'mawa uliwonse. Profesa anakalamba m'sabata imodzi. Ankangokhala mu ofesi, chitseko chotseka, akutembenuza mabuku a ophunzira ake akale.

Komiti inachotsa tsiku lija. Sanamunene Velina kuti wanama, pakuti sananame. Anangomuuza mwaulemu kuti funso limene anafunsa silinayankhidwe, ndipo ngati akufuna digiriyo ayambirenso ndi maselo enieni a m'chiwindi. Mankhwala aja mwina adzagwira, mwina ayi, palibe ankadziwa. Kumudzi mayi ake anali atalankhula kale ndi oimba a paphwando la digiri, mwana wa nkhosa woti aphedwe atasankhidwa, azakhali ataitanidwa kuchokera ku Burgas.

"Ndiwauze chiyani anthu?" anafunsa mayiwo pafoni. "Walephera mayeso?"

"Sindinalephere, amayi."

"Nanga wakhoza?"



Patapita masabata angapo anavala bwino n'kupita ku ofesi ya bungwe lija, mutu uli pansi. Anati tsopano ndi wokonzeka, apita kulikonse kumene angamutumize, ngakhale kukatsuka mabotolo. Mayi wa mu ofesiyo anamukumbukira bwino, ndipo anamuyang'ana mwachifundo chenicheni.

"Mwana wanga, tinakuitana kawiri," anatero. "Maphunzirowa ndi a anthu amene sanapitirire zaka zitatu chiyambire kafukufuku. Iwe uli m'chaka chachisanu. Ndingakonde, koma khomo limeneli linatsekeka."

Velina anatuluka n'kuima pamsewu nthawi yaitali, mabasi akumudutsa. Kenako anabwerera kulabotale, poti kunalibe kwina kumene ankakudziwa. Anavala magolovesi, anatsegula kabati yotenthera, anatulutsa mabotolo onse amene anawalera zaka zisanu, n'kuwathira mankhwala ophera tizilombo limodzilimodzi, anzake akumuonera pakhomo.

Nzeru anali nazo mtsikanayu, khama ndiye losanena. Chimene chinamugwetsa n'choti zonse zimene ankadziwa anazitunga pachitsime chimodzi, ndipo madziwo atavunduka panalibe pomwe akanazindikirira, pakuti ena anali asanawalaweko. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.