Chinkhoswe cha Ulemu ndi Waya Wokalamba

Miyambi, ana inu, ili ngati anthu otchuka: midzi ingapo imalimbirana kuti ndi akwawo. Umene ndikufuna kukufotokozerani lero ena amati ndi wa makolo akalekale, ndipo ine sinditsutsa. Koma anthu a kwa Mtambalika, kuseri kwa mapiri a Dedza, amachita kulumbira kuti unabadwira m'holo ya pasukulu yawo, tsiku la chinkhoswe cha mtsikana wina dzina lake Ulemu. Ine nkhani yawoyo ndimaikonda kuposa zina zonse.

Ulemu ankagwira ntchito yokonza makompyuta ku Lilongwe. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo amene anamulera n'kumuphunzitsa anali amalume ake, a Gwedeza, mwinimbumba. Tsono a Gwedezawa anali ku Joni, kumene ankalondera pa fakitale ina, ndipo bwana wawo anawakaniza tchuthi. Anangowalola kuti pa nthawi ya nkhomaliro akhale pa foni. Abale a Lonjezo, mnyamata wofuna banjayo, anali atanenetsa kale kuti tambala wa chinkhoswe saperekedwa mwinimbumba asakuona. A Gwedeza akapanda kuoneka, lole imene inawabweretsa kuchokera ku Mchinji ibwerera ndi tambala wake.

Kwa Mtambalika netiweki ya foni amachita kuikwerera pachulu. Intaneti yodalirika inali mu ofesi ya aphunzitsi aakulu basi, pa kabokosi kophethiraphethira ka pawindo. Choncho dzulo lake la chinkhoswe Ulemu anakoka waya wautali kuchokera pa kabokosiko mpaka m'holo. Anali waya wakale wa pasukulupo, wotuwa, wodziwa dzuwa ndi mvula. Anamulumikiza ku kompyuta, nayesa kuimba, ndipo nkhope ya amalume inaoneka bwinobwino mpaka imvi zomwe. Atakhutira anaitana mlongo wake wamkulu, Limbikani.

"Achimwene, mawa ine ndikhala m'manja mwa azakhali. Inu mudzangoyatsa n'kudina apa. China chilichonse musadzachikhudze."

"Usade nkhawa, chemwali. Ndine mwana ine?" anayankha Limbikani.

Limbikani sanali munthu woipa, kungoti anabadwa ndi phuma. Njinga ankapalasa ngati akuthawa njuchi, ndipo lilime lake linali lozolowera kupsa ndi tiyi. M'mawa wa chinkhoswe, atayatsa kompyuta, inamufunsa ngati akufuna dalaivala watsopano wa kadi ya netiweki. Apa ndikufotokozereni pang'ono. Kadi ya netiweki ndi kachipangizo ka mkati mwa kompyuta, pamene pamalowa waya paja. Dalaivala si munthu ayi, ndi kapulogalamu kamene kamayendetsa kadiyo. Waya akalumikizidwa, kadi ndi kabokosi zimayamba zapatsana moni n'kugwirizana liwiro loti zizitumizirana mawu ndi zithunzi.

Limbikani atangoona mawu oti watsopano, chala chinadina chokha. Pakona ya sikirini, pamene dzulo panali 100, panalembedwa 1000. Mnyamata anasangalala mpaka kuvina yekha m'holo mopanda anthu. Anaganiza kuti mlongo wake adzamutamanda chaka chonse.

Dzuwa lili pamutu, holo inali itadzaza thothotho. Amayi ankaimba, nthungululu zinkalandirana, ana anakwera m'mawindo, ndipo tambala ankalira m'khwapa mwa a Chipeni, nkhoswe ya kuchimuna. Monga mwa mwambo, analowetsa akazi atatu ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti mnyamata aloze wake. Ulemu anali wapakati. Asanatuluke m'nyumba, azakhali ake a Nachisale anali atamugwira paphewa.

"Pansi pa chitenje palibe pakamwa, wamva? Ukangotsokomola, apongozi ako adzati tawapatsa mwana wopanda mwambo."

Pansi pa chitenjecho munkatentha, ndipo Ulemu ankangoona zala za kumapazi ake. Koma mtima wake unkavina. Ankadikira liwu la munthu amene anamugulira yunifomu yake yoyamba. Anamva kompyuta ikuitana, anthu akutontholetsana, kenako liwu lija linabwera.

"Mo... mo..."

Basi pomwepo. Anthu anayamba aseka, chifukwa nkhope ya a Gwedeza inauma pa sikirini kukamwa kuli yasa. Inagwedera pang'ono, n'kuumanso. Kuseka kunachepa.

"Dekhani, anthuni," anatero Limbikani mokweza. "Vuto lili ku Joniko. Kuno tili pa sauzande. Dzulo tinali pa handiredi chabe, koma ine ndaika dalaivala watsopano."

Ulemu atamva mawu amenewo, anadziwiratu chimene chachitika. Dalaivala watsopanoyo anali atawerenga liwiro molakwika, n'kuuza kadi kuti msewu ndi wa sauzande, pamene waya wokalamba uja sakanatha kusenza zimenezo. Mawu ndi zithunzi zinkanyamuka mwaliwiro ndithu, koma zambiri zinkatayikira m'njira, monga chimanga chimatayikira m'ngolo yodzaza ng'ombe zikamathamanga. Kukonza kwake kunali kophweka kwabasi. Koma wodziwa kukonzayo ndi amene sankaloledwa kutsegula pakamwa.

Limbikani anazula waya, namuuzira mpweya, n'kumulowetsanso. Sikirini inanenabe 1000, nkhope inaumabe. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, zinali chimodzimodzi. Kauthenga kolembedwa kokha ndi kamene kanakwanitsa kudutsa, ndipo aphunzitsi aakulu anakawerenga mokweza: a Gwedeza ankati nthawi yawo yatsala pang'ono, bwana wayamba kale kusuzumira.

A Chipeni anaimirira, tambala akadali m'khwapa.

"Azibambo ndi azimayi, ife tachokera kutali, ndipo tabwera ndi mtima umodzi. Koma chithunzi sichivomereza ukwati. Mwinimbumba ayankhule, aone. Apo ayi, tidzabweranso nthawi ina."

Ulemu anamva amayi ake akufwenthera kumbuyo. Anachita mantha, ndipo anakwiya, ndipo anawamvera chisoni amalume ake amene anakhala paokha kudziko la eni, akuyang'ana foni. Anayeza zinthu ziwirizo mumtima: kutchedwa wopanda mwambo, kapena kuti munthu amene anamulera asaone tsiku lake. Sanachedwe kusankha.

"Achimwene," linatero liwu kuchokera pansi pa chitenje chapakati.

A Nachisale anagwira kukamwa. Ana a m'mawindo anatong'ola maso.

"Lowani pamene pali za kadi ya netiweki. Mwafika? Pezani pamene palembedwa za liwiro. Pakunena kuti izisankha yokha. Chotsani zimenezo, muike handiredi."

"Handiredi? Tibwerere m'mbuyo?" anafunsa Limbikani. "Chemwali, sauzande ndi..."

"Achimwene, ikani handiredi."

Limbikani anadina, nkhope ili yakugwa ngati munthu amene akugulitsa njinga yake. Nambala ya pakona inasintha. Sikirini inada kamphindi, holo yonse itagwira mpweya. Kenako pakamwa paja, pamene panauma nthawi yonseyi, panatsekeka, maso anaphethira, ndipo liwu linatuluka lonse lathunthu.

"Moni nonse kumudziko. Ndikukuonani. Chemwali anga, make Ulemu, ndikukuonani. Eee, a Nachisale, mwanenepatu."

Nthungululu imene inaphulika pamenepo inamveka mpaka kudambo. Amayi anadumpha m'mabenchi, achinyamata anamunyamula Limbikani m'mwamba ngati kuti wakonza ndi iye, ndipo tambala anatsala pang'ono kupulumuka. A Gwedeza ankaseka uku misozi ikutsika m'masaya. Ulemu naye ankalira pansi pa chitenje chake, koma chimwemwe chake chinali ndi kamunga: kodi akuchimuna anena chiyani?

Phokoso litatsika, maso onse anapita kwa a Chipeni. Mkuluyo anakanda chibwano, nayang'ana kudenga.

"Ine makutu angawa anakalamba," anatero. "Sindinamve munthu aliyense akuyankhula. Lonjezo, dzuka, ukatilozere mkazi wako. Ufufuze bwino, usatichititse manyazi."

Lonjezo anamvetsa. Anadzuka n'kupita kwa mkazi woyamba, namuzungulira, nayang'anitsitsa mapazi, n'kupukusa mutu. Anadumpha wapakati dala, nakaima kwa wachitatu ngati munthu wosokonezeka kwenikweni, anthu akufa ndi phwete. Pomaliza anabwerera pang'onopang'ono, nagwira chitenje chapakati n'kuchivundukula. Ulemu anadzutsa maso, ndipo munthu woyamba kumuona anali amalume ake pa sikirini, atagwira pachifuwa.

"Ndi yemweyo mwana wanga," anatero a Gwedeza. "Ndavomera. Mumusunge bwino."

Tambala anaperekedwa, msoti wa kuchikazi unalandiridwa, ankhoswe anagwirana chanza a Gwedeza akuona ndi maso awo. Nthawi yawo isanathe, a Gwedeza anafunsa kuti chinavuta n'chiyani poyamba paja. Limbikani anafotokoza akukanda mutu kuti iye anafuna zinthu ziyende pa sauzande, osadziwa kuti waya ndi wa handiredi.

A Gwedeza anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye sauzande yakoyo inathamanga koma sinandipeze, handiredi inayenda n'kundifikitsa kumudzi. Limbikani mwanawe, kuthamanga sikufika."

Anthu anawatola mawuwo tsiku lomwelo, ndipo lole ya ku Mchinji inapita nawo. Mpaka lero, munthu akamapupuluma pa ntchito, amamufunsa kuti kodi wayeza waya wake.

Ndiye mwambi wake ndi umenewo, ana inu: kuthamanga sikufika. Sukunena kuti liwiro ndi loipa, kapena kuti wochedwa ndiye wanzeru. Ukutanthauza kuti chofunika pa ulendo ndi kukafika ndi katundu yense, ndipo liwiro labwino ndi limene njira yako ingathe kusenza. Wophunzira amene wawerenga buku lonse mothamanga n'kutuluka wopanda kanthu m'mutu, wathamanga koma sanafike. Mlimi amene wabzala pa kamvula koyamba nthaka isananyowe, mbewu n'kupserera, wathamanga koma sanafike. Musananyadire liwiro lanu, yambani mwafunsa ngati amene akukudikirani kutsidyako wamva moni wanu wonse.